Liwiro Lobedwa

Kadzidzi anali atangotsegula shopu yake Lolemba m'mawa, tiyi asanazizire n'komwe, pamene mlamu wake anatulukira pakhomo thukuta lili kamukamu.

"Alamu, mwandipha!"

"Mwadzuka bwanji kaye, alamu. Wakufa satsika masitepe awiriawiri."

Dzina loti Kadzidzi anam'patsa ndi anthu a m'nyumba ya mashopuyo chifukwa cha magalasi ake aakulu ozungulira, ndipo iye ankalivomera bwinobwino. Zaka khumi ndi zinayi anali akukonza makompyuta m'kachipinda ka pansi, pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Mlamu wakeyo, mwamuna wa mng'ono wake, anali ndi situdiyo yojambula mavidiyo m'chipinda cha pamwamba, ndipo kompyuta yaikulu ya m'situdiyomo anaimanga ndi Kadzidzi miyezi itatu yapitayo.

"Makina anu aja akungozima. Tikayamba kutulutsa vidiyo, phethi! Kanayi m'mawa uno wokha. Ukwati tinajambula Loweruka uja eni ake akuufuna Lachitatu, poti Lachinayi akukwera ndege. Injiniya wabwera, akuti mwawotcha purosesa ndi zothamangitsa zanuzo."

"Wanenera kuti zimenezo?"

"Pakhonde. Telala wamva, wometa wamva."

Kadzidzi anaika kapu pansi. Pa ntchito ngati yake, dzina likapsa silikhala ndi sipeya. Koma mtima sunamugunde, chifukwa ntchito ya manja ake ankaidziwa.

Purosesa ndiyo ubongo wa kompyuta, kachitsulo kosaposa bisiketi. Kufakitale amaiikira liwiro lofatsa kuti isavute aliyense. Wodziwa amalowa mu Bayosi, tsamba la manambala limene limatseguka kompyuta isanadzuke bwino, n'kukweza liwirolo pang'onopang'ono, n'kuwonjezera magetsi kadontho, n'kufulumizitsanso memori, mosungira zimene purosesa ikugwira panthawiyo, kuti iziyendera limodzi ndi mnzakeyo. Wopupuluma amatenthetsa makina. Kadzidzi sankapupuluma, ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayesa mapurosesa asanu a mtundu umodzi, poti ana a mimba imodzi sathamanga mofanana, ndipo imodzi yokha ndiyo inafika pa 5.4 osatuluka thukuta. Imeneyo ndiyo anaikira mlamu wake, ataizunza masiku atatu osaipumitsa.

Anatenga sikuludiraiva ndi kabuku kake kakuda.

"Tiyeni tikamuone wodwalayo."

* * *

M'situdiyo anapezamo anthu awiri. Injiniya, amene ankabwera kudzakonza pulinta ndi mawaya a intaneti, anaima pakati pa chipinda atamanga tayi, chikwama chili m'khwapa. Dzinalo anadzipatsa yekha. Pakona panakhala Chipewa, wolumikiza mavidiyo, munthu wofatsa amene palibe anaonapo pamwamba pa mutu wake.

"Eya, afika adokotala," anatero Injiniya. "Amayi, ine ndinanena kale. Makina ali ndi malamulo ake. Amene anawapanga anapita kusukulu."

"Zikomo, bambo. Tsopano mutipatseko malo, wodwala sitimuvula pagulu. Nanunso achimwene."

Atatsala awiri ndi mlamu wake, Kadzidzi anayatsa kompyuta n'kulowa mu Bayosi. Anayendetsa chala pa sikirini, mzere ndi mzere. Liwiro linali pa 5.4, monga analisiyira. Atafika pa magetsi, chala chinaima. Anatsegula kabuku kake.

"Alamu, manambala awa ndi anga, koma si ine ndinawalemba."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Apa magetsi ali pa 1.35, ndipo memori ili pa 16. Umo ndi mmene ndinaikira tsiku loyamba. Mwezi watha kutayamba kutentha ndinabwera, mukukumbukira? Ndinatsitsa magetsi kufika pa 1.29, memori n'kuimasula kufika pa 18. Munthu wina wabwezeretsa akale aja."

"Akanawadziwa bwanji?"

"Ndinawalemba pa kapepala n'kukamata m'kati mwa bokosili, ndipo sindinakasinthe. Kiyi wa kaloko aka ali kuti?"

Mlamuyo anakoka dirowa ya tebulo lake, yosakhoma, n'kutulutsa kiyi pakati pa mabatire ndi zolembera. Kadzidzi anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Anatsegula bokosi, namasula chozizira chachikulu chimene chimakhala pamwamba pa purosesa. Pakati pa ziwirizi amapakapo kaphala kotuwa kothandiza kutulutsa kutentha. Koma chimene anapeza chinali choyera, chouma, chong'ambika ngati matope a m'chilimwe. Anaweramira, nanunkhiza, kenaka anaseka mpaka magalasi anatsetsereka.

"Tanunkhizani, alamu."

"Ngati... mankhwala otsukira mano?"

"Omwewo. Kompyuta yanu ilibe dzino lobooka."

Anapukuta kachitsuloko ndi kansalu, nayerekeza manambala ang'onoang'ono a pamwamba pake ndi a m'kabuku. Yake inkathera ndi 4417. Iyi inkathera ndi 9052.

"Purosesa yanu sinapse. Yabedwa."

"Yabedwa bwanji, si iyi mwaigwirayi?"

"Mtundu womwewo, dzina lomwelo, ngakhale kusitolo mtengo ndi umodzi. Koma iyi ndi mphwake wolemera miyendo. Mukaiuza kuti ithamange pa 5.4 imagwa chafufumimba. Bolodi limene purosesa imakhalapo likamva kuti yasinthidwa limaiwala zonse, n'chifukwa chake mbalayo inakopera manambala a pa kapepala kuti musazindikire."

Anabwezeretsa zonse mongogwirizira, nayatsa makinawo pa liwiro lofatsa. Kompyuta imalemba yokha nthawi imene yazima ndi imene yadzuka. Kadzidzi anatsegula tsambalo n'kuloza.

"Loweruka masana. Inazimitsidwa 12:14, inadzukanso 1:20."

Mlamuyo anakhala pampando mwadzidzidzi.

"Loweruka masana muno munalibe munthu. Tonse tinali ku ukwati."

* * *

Kadzidzi anam'langiza mlamu wake kuti atseke pakamwa, aliyense azingodziwa kuti makina akuvuta basi. Makiyi a situdiyo anali atatu: wa mlamuyo, wa Chipewa, ndi wa amayi osesa. Injiniya analibe, komabe Kadzidzi anayamba ndi iye, poti anam'peza pa masitepe akufotokozera telala kuopsa kwa akazi ogwira zamagetsi.

"Bambo, ndithandizeni nzeru. Phala la pa purosesa mumagwiritsa lotani?"

Injiniya anawongola tayi. Funso lotere ankalidikira moyo wake wonse. Anatsegula chikwama n'kuyala timachubu titatu pa sitepe.

"Ili ndi la tsiku ndi tsiku. Ili ndi la makina olemera. Ili, amayi, musaligwire, ndi lochokera kunja. Ine sindiyenda wopanda zida. Ndipo popaka sitimwaza ngati batala pa buledi ayi, kadontho kamodzi pakatikati."

Kadzidzi anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Mumtima anam'chotsa pa mndandanda. Munthu wonyada chonchi akanalolera kumangidwa kusiyana ndi kupaka mankhwala a mano.

"Nanga purosesa ya mtundu wa pamwambapa, mwagulitsako posachedwa?"

"Imodzi, masabata atatu apitawo. Kasitomala wake wovuta! Tsiku lililonse foni. Akuti ikukana kudutsa pa 5.0, pamene ina imene amaidziwa imafika pa 5.4. Ndinamuuza kuti achimwene, ine ndimagulitsa katundu, sindigulitsa mapiko."

"Ndani ameneyo?"

"Aaa, amayi. Dokotala saulula odwala ake."

"Mwachita bwino, bambo. Mwandithandiza kuposa mmene mukudziwira."

Amayi osesa anawapeza kuseri, akuchapa mopu pa mpopi. Anali mayi wachikulire wa mawu ambiri, amene nkhani ankaiyambira kutali.

"Loweruka? Mwana wanga, Loweruka bondo ili linandigwira kuyambira m'bandakucha. Ndinati ndisapite, koma ndani angasese? Situdiyo ndinamaliza 11 koloko, ndinakhoma, kiyi ndi uyu ndimamangirira pa chitenje. Kenaka ndinatsikira kwa telala, ulusi wake uja umachita kumera pansi."

"Simunaone munthu akukwera?"

"Kuona ayi, ndinali chowerama. Koma kumva ndinamva. Njinga yamoto inaima panja, wina anakwera mothamanga, chitseko cha pamwamba chinalira. Ndinati ndi abwana aiwala kanthu. Ndipo m'mawa uno ndakwiya nawo anthu a pamwambawo. Mankhwala a mano a m'bafa muja, wina wawafinya pakati ngati akupha njoka, chitsekero wataya pansi. M'bini mwadzaza tishu wa zotuwatuwa, zomata m'manja. Anthu ophunzira!"

"Tishuyo mwataya?"

"Ali m'jumbomu, galimoto ya zinyalala sinabwere."

"Musamutaye, amayi. Munati munaganiza kuti ndi abwana. Chifukwa chiyani?"

"Mluzu, mwana wanga. Potsika ankaimba mluzu, nyimbo imene amaika akwati akamalowa m'holo. Munthu saimba imeneyo pokhapokha atachoka nayo m'makutu."

Kadzidzi anayang'ana pazenera la situdiyo. Mwa anthu a m'situdiyomo, ku ukwati kunapita awiri okha, ndipo mmodzi wa iwo anali mwamuna wa mng'ono wake.

* * *

Chipewa anam'peza pakhonde la pamwamba, atakhala pa benchi, manja ali pakati pa maondo. Anaimirira mwaulemu.

"Pepani achemwali ndi zimene akukunenerani. Ine ndinawauza abwana kuti mwina ndi magetsi a m'nyumba muno."

"Inu mumaigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Lachisanu inali bwanji?"

"Inkauluka. Koma za m'kati mwake musandifunse, ine ndimangodina basi. Ngakhale fyuzi sindidziwa kusintha."

"Loweruka munali kuti masana?"

"Pa kamera yachiwiri, kuyambira m'mawa mpaka anthu kubalalika. Abwana anali ndi yoyamba, yoyenda nayo. Yanga inali pa miyendo itatu pakona ya holo. Vidiyo ilipo, simungasowe mphindi imodzi."

Ananena modekha, maso ali pansi. Kadzidzi anaona kuti yankho lomalizalo linatuluka losalala kwambiri, ngati malaya ositidwa dzulo.

"Ndibwerekeni makadi a makamera onse awiri. Ndikufuna kuyesa ngati mafayilo ake ndiwo akuzimitsa makina."

Chipewa anam'patsa mosazengereza.

M'shopu mwake, Kadzidzi anatseka chitseko n'kuika mavidiyo awiriwo pambalipambali pa laputopu. Anayamba ndi ya mlamu wake, ndipo apa pokha mtima unam'gunda. Akanapeza mpata pamenepo, akanakamuuza chiyani mng'ono wake? Koma kamera yoyamba sinapume. Pa 12:14 inali kuthamangira ana ovina, pa 12:40 mawu a mlamuyo ankamveka akupempha anthu kuti asendere, pa 1:20 inali pamphuno pa mkwati. Kadzidzi anapuma mpweya wautali.

Kamera yachiwiri nayonso sinadumphe mphindi. M'mawa inkatembenuka, kuyandikira, kutsatira olankhula. Koma kuyambira 11:52 inaima njo, kuyang'ana malo amodzi. Pa 12:31 bambo wina wa jekete lofiirira anadzaima kutsogolo kwake akuyankha foni, ndipo kwa mphindi zisanu ndi zinayi kamerayo inajambula msana wake wokhawokha. Palibe wojambula wamoyo amene akanapirira msana umenewo.

Anabwerera ku kamera yoyamba n'kuiyendetsa pang'onopang'ono. Pa 12:47 mlamu wake anazungulira kutsatira keke, ndipo chithunzi chinasesa pakona ya holo. Kadzidzi anaimitsa pomwepo.

Kamera yachiwiri inali pa miyendo yake itatu, kagetsi kofiira kakuyaka. Kumbuyo kwake kunali khoma lokha.

* * *

Anawaitana onse awiri m'situdiyo dzuwa likupendeka. Laputopu anaiika pa tebulo, chithunzi chija chili poyera.

"Achimwene, kamera yanu ndi yokhulupirika. Inagwira ntchito maola awiri mwini wake kulibe."

Chipewa anayang'ana chithunzicho.

"Ndinapita kuchimbudzi. M'mimba munandivuta."

"Kuyambira 11:52 mpaka 1:41? Ndiye tikuthokoza Mulungu kuti muli moyo. Holo ija ndi pano, pa njinga yamoto yanu ija, ndi mphindi makumi awiri. Kompyuta iyi inazima 12:14."

"Ndinadzatenga batire, n'zoona. Ndinaopa kuwauza abwana kuti ndasiya kamera. Koma kulowa muntchito mwako si mlandu. Chasowa n'chiyani? Purosesa ili momwemo, mtundu womwewo, werengani dzina lake muone."

Kadzidzi anawongola magalasi ake.

"Alamu," anatero Kadzidzi osachotsa maso pa Chipewa, "munamuuzapo munthu kuti tikufufuza za purosesa yosinthidwa?"

"Ngakhale mkazi wanga sindinamuuze."

"Nyumba yonse ikudziwa kuti purosesa inapsa. Inu nokha, achimwene, amene simudziwa kusintha fyuzi, ndi amene mukudziwa kuti nkhani ndi ya mtundu. Tishu amene munapukutira phala langa amayi osesa akusunga. Injiniya saulula makasitomala kwa ine, koma kwa apolisi adzaimba ngati wailesi."

Chipewa anakhala pansi. Anavula chipewa chake n'kuchiika pabondo, ndipo aka kanali koyamba onse awiri kuona dazi lake likunyezimira ndi thukuta.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, abwana," anatero ndi mawu otsika. "Vidiyo iliyonse yotuluka muno ndi manja anga, koma kumapeto kumalembedwa dzina lanu. Ndinayamba kutenga tintchito tanga kunyumba. Ndinagula zonse zofanana ndi izi, chimodzichimodzi. Ndinakopera manambala a achemwaliwa. Yanu imatulutsa ukwati wonse pa ola limodzi, yanga imangozima. Sabata ino ndili ndi ntchito yaikulu yoyamba. Ndinati ndibwereke, Lachisanu ndibweze, palibe adziwe."

"Ndiye mankhwala a mano?" anafunsa Kadzidzi.

"Phala ndinaliiwala kunyumba. Ndinaona pa intaneti kuti amagwira."

"Amagwira tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri amauma. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene."

Mlamuyo anaimirira.

"Ukanandipempha! Ukanandiuza kuti ukufuna dzina lako, tikanakambirana ngati amuna. Koma unakhala pakona apo m'mawa uno, Injiniya akunyoza mlamu wanga, iwe uli phee. Ukanalola kuti shopu yake ife chifukwa cha iwe."

Mlamuyo anatulutsa foni n'kuimbira apolisi.

* * *

Lachiwiri m'mawa Kadzidzi anapita kunyumba kwa Chipewa limodzi ndi wapolisi wamkazi wa thupi lake, wosakonda kuseka. Purosesa Kadzidzi anaichotsa yekha m'kompyuta ya pabalaza, nawerenga manambala mokweza, 4417, wapolisiyo n'kulemba. Pofika 10 koloko inali itabwerera kwawo, kadontho ka phala lenileni kali pamwamba pake, magetsi ali pa 1.29, memori pa 18. Anaizunza theka la ola ndipo sinatekeseke.

Apa m'pamene vuto lina linaonekera. Mlamuyo anamukokera pambali.

"Alamu, makina achira, koma ine kulumikiza vidiyo sindidziwa. Ndimangojambula. Makamera awiri, maola asanu ndi limodzi, mawa m'mawa. Amene angathe ndi mmodzi yekha, ndipo ali m'manja mwa boma."

Kadzidzi anaganiza pang'ono, kenaka anapita kwa wapolisi uja, amene anaima pakhomo ndi Chipewa kudikira kuti mwini katundu asayine.

"Amayi, mlandu ndi wanu, sindikuulanda. Koma akwati aja sanalakwire munthu. Mutibwereke manja akewa mpaka madzulo."

Wapolisiyo anamuyang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato. Anatuluka kukaimba foni, nabwera nkhope ili yomweyo.

"Mpaka 5 koloko. Ndikhala pambali pake. Akasuntha, ndisuntha naye."

Anaika mipando iwiri kutsogolo kwa sikirini. Chipewa anakhala n'kuyamba ntchito yake. Ankadula, kulumikiza, kubisa maola awiri a kamera yosiyidwa ija ndi zithunzi za kamera yoyamba, mwaluso loti Kadzidzi anamva chisoni kuti munthu wa manja otere anasankha njira imeneyi. Nthawi ina, osatembenuka, ananena chapansipansi:

"Achemwali, ndinakulakwirani."

"Munandilakwira. Yang'anani ntchito."

Mlamuyo anakhala kumbuyo kwawo akuonerera. Atafika pa mawu a kumapeto kwa vidiyo, anatsokomola.

"Pa wolumikizapo ulembe dzina lako. Ntchito muno yatha, mlandu ukayankha, koma iyi ndi yako."

Chipewa analemba, zilembo zikumuvuta kuona.

Itangodutsa 4 koloko anadina batani lotulutsa vidiyo. Mafani anakweza mawu, kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, ndipo Kadzidzi anapinda manja akuyang'ana kutentha kutaima pamalo amodzi ngati kwakhomeredwa msomali. Kamzereko kanafika kumapeto kutatsala mphindi khumi kuti 5 koloko ikwane.

Chipewa anaimirira yekha n'kutambasula manja kuti amangidwe. Koma wapolisi uja sanasunthe pampando. Maso ake anali ofiira pang'ono.

"Takhalani kaye pansi, achimwene," anatero akupukuta mphuno. "Nthawi ilipo. Tabwezani paja bambo a mkwati akulephera kumaliza mawu paja."